Milingo ndi Kalilombe: Wansembe Amaima pa Chiyani?

Kachebere, m'boma la Mchinji, ali pafupi kwambiri ndi malire a Malawi ndi Zambia, moti munthu akhoza kusamba m'manja kuno n'kukadyera nsima uko. Ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni pamalopa m'chaka cha 1903, ndipo m'chaka cha 1939 anatsegula seminale yaikulu yophunzitsa anyamata a maiko onse awiri amene ankafuna unsembe. Mwa anthu ambiri amene anadutsa pakhomo la seminaleyi, awiri analemba mabuku amene ndikufuna kuwaunika pano. Woyamba ndi Emmanuel Milingo, mwana wa kwa Mnukwa ku Chipata, amene anaphunzira pa Kachebere. Wachiwiri ndi Patrick Kalilombe wa ku Mua, amene anaphunzitsa pa seminaleyi mpaka kukhala mkulu wake. Onse awiri anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1958. Onse awiri anakhala maepiskopi akadali ndi mphamvu zawo, Milingo ku Lusaka mu 1969, Kalilombe ku Lilongwe mu 1972. Ndipo onse awiri anachoka pa mipando yawo asanafune.

Mabukuwo ndi The World in Between la Milingo, lotuluka mu 1984, ndi Doing Theology at the Grassroots la Kalilombe, losindikizidwa m'gulu la mabuku a Kachere mu 1999. Ngakhale kalembedwe kawo n'kosiyana ngati dzinja ndi chilimwe, ine ndimaona kuti onse akulimbana ndi funso limodzi: munthu wotumikira Mulungu, akaima pamaso pa anthu ovutika, amalimba mtima chifukwa cha chiyani, nanga n'chiyani chimachititsa kuti ntchito yake igwire?

Ndiyambe ndi Milingo, chifukwa ndi amene anthu ophunzira amafulumira kumuseka. Buku lake likufotokoza za dziko la mizimu limene lili pakati pa anthu ndi Mulungu, komanso za momwe iye, kuyambira mu 1973, anayambira kupempherera odwala, atakumana ndi mayi wina wovutika ndi mashawe. Wowerenga wa kuno kwathu sachita kufunsa kuti mashawe n'chiyani. Tonse takhalapo m'mudzi momwe mwana akudwala, kuchipatala sakupeza nthenda, ndipo usiku anthu akunong'onezana dzina la amene akumuganizira. Mlandu umene Milingo akuimba amishonale ndi woti anabweretsa chikhristu chosaona mantha amenewa. Munthu akati wagwidwa ndi mizimu ankamuuza kuti n'zachikunja, kenaka n'kumubweza kwawo ndi vuto lake lomwe lija. Pamenepa bukuli likunena zoona, ndipo likuzinena motentha, ngati munthu amene waona misozi ndi maso ake. Masamba ake abwino kwambiri ndi amene akuonetsa m'busa amene wakana kutembenukira kumbali nkhosa ikulira.

Tisamunamizire: Milingo sakunena kuti mphamvu yochiritsa ndi yake. Mobwerezabwereza akuipereka kwa Yesu. Vuto langa ndi bukuli silili pa zimene likunena, koma pa momwe lamangidwira. Nkhani zake zambiri zimayenda njira imodzi: pali wodwala, pali mzimu woipa, ndiye pali wansembe mmodzi amene akafika zinthu zimasintha. Akhristu ena onse ali m'mbali, ndi khamu lodikira. Pakamwa pakutchula Mulungu, koma maso a wowerenga akuthera pa manja a munthu. Ndipo wolemba akafika pa anthu omutsutsa, sasiya mpata woti mwina ena mwa iwo ankafunsa mafunso oyenera. Munthu amene chikhulupiriro chake chatsamira pa mphatso imene ali nayo yekha, amayamba kuona aliyense womufunsa ngati mdani wa mphatsoyo. Zimene zinatsatira n'zodziwika: anaitanidwa ku Roma mu 1982, anatula pansi udindo wa ku Lusaka mu 1983, anakwatira mu 2001 pa mwambo wa mpingo wa Sun Myung Moon, ndipo mu 2006 anachotsedwa mu Mpingo wa Katolika atadzoza maepiskopi anayi popanda chilolezo cha Papa. Sindikuti bukuli linalosera zonsezi, koma mbewu yake ikuoneka m'menemo kwa amene akuwerenga mofatsa.

Chaka chomwecho cha 1973, kuno ku dayosizi ya Lilongwe, imene Mchinji ali mbali yake, Kalilombe anayambitsa ntchito ya mtundu wina. Anaitanitsa sinodi yaing'ono imene inatenga zaka ziwiri, momwe akhristu wamba anafunsidwa maganizo awo pa kayendetsedwe ka mpingo. Mutu wake unali woti mpingo ndife tonse. M'menemo ndi momwe munakhwimira miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana amene amakumana kuti awerenge Mawu a Mulungu, kupemphera, kuyendera odwala ndi kuthandizana pa maliro. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana mu 1973 ndi 1976 kuti timagulu totere tikhale maziko a mpingo.

Amene sanakhalepo m'parishi ya kumudzi sangamvetse kulemera kwa ganizo limeneli. Parishi ngati Guilleme, Ludzi kapena Kapiri imakhala ndi nthambi zambiri zotalikirana, ndipo wansembe sangafike paliponse Lamulungu lililonse, makamaka nthawi ya mvula misewu ikasanduka phala. Ngati mphamvu ya utumiki ili m'manja mwa wansembe yekha, ndiye kuti masabata ambiri pachaka mudzi ulibe mpingo. Kalilombe akuti ayi. Mzimu wa Mulungu unaperekedwa kwa obatizidwa onse, choncho mayi wolima mtedza amene sanapitirire Sitandade 4 ali ndi choti anene pa Malembo, ndipo katswiri wa zaumulungu ayenera kuyamba wamumvetsera. Wansembe amalimba mtima osati chifukwa ali ndi zimene ena alibe, koma chifukwa Mulungu anali kale pakati pa anthuwo iye asanafike.

Ganizoli linayesedwa pa moto msanga. Boma la Dr. Kamuzu Banda, limene linali ndi nthambi za chipani mpaka m'mudzi, silinakondwe kumva kuti anthu akukumana m'timagulu popanda tcheyamani. Linakayikira kuti ndi ndale zobisika. Mu 1976 Kalilombe anatuluka m'dziko muno, mu 1979 anatula pansi udindo, ndipo anakhala kunja zaka zambiri, akuphunzira ku Berkeley ndi kuphunzitsa ku Birmingham, asanabwerere kudzaphunzitsa ku Chancellor College. Anamwalira mu 2012. Koma miphakati sinachoke naye. Apa ndi pamene ine ndimayezera mabuku awiriwa. Mwini ntchito atachotsedwa, ku Lusaka anthu anatsala akulira manja amene anapita ku Roma. Ku Mchinji amayi anapitiriza kuyala mphasa pansi pa mtengo wa mango Lachinayi kapena Loweruka masana. Ndipo pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, n'kuletsedwa pambuyo pake, inapeza akhristu amene anali atazolowera kale kukambirana nkhani zolemera popanda kudikira wamkulu.

Paulo Woyera anakumana ndi funso lomweli ku Korinto, kumene kunabwera alaliki onyamula makalata owachitira umboni. M'mutu wachitatu wa kalata yake yachiwiri kwa Akorinto, yankho lake lili pawiri: umboni wa ntchito yake ndi anthu omwewo amene moyo wawo wasintha, ndipo kutha kwake kugwira ntchitoyo si kwa iye mwini koma n'kochokera kwa Mulungu. M'mutu wotsatira akudziyerekeza ndi mbiya yadothi yosungiramo chuma. Milingo anagwira bwino mbali yoti mphamvu ndi ya Mulungu, koma mbiya inakula mpaka kuphimba chuma. Kalilombe anagwira mbali zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake ndimaika buku lake patsogolo.

Komabe sindingalisiye lopanda chilema. Ndi buku lozizira. Ziganizo zake n'za m'kalasi, zoyenda mwadongosolo, zosamala kuti zisalakwe, ndipo wowerenga amene mwana wake akubwebweta usiku sapezamo dzanja lomugwira paphewa ngati limene amalipeza mwa Milingo. Chilema chimenechi chaonekeranso m'miphakati yambiri imene ndakhalamo. Pamene ikanakhala malo oti munthu aulule mantha ake, nthawi yambiri imathera pa kaundula wa mtulo, zopereka za chitukuko ndi kugawana ntchito yosesa kutchalitchi. Mlembi akatseka buku la ndalama dzuwa lapendeka, Mawu awerengedwa mothamanga, wodwala watchulidwa m'pemphero la mphindi imodzi. Tisadabwe tsono kuona mkhristu yemweyo amene anali pa mphasa masana, madzulo akukwera kabaza kupita kwa mneneri wogulitsa mafuta odzozera, kapena kudumpha malire pa Mwami kukafuna wina wa ku Chipata amene mbiri yake yamveka. Funso la Milingo likadali lamoyo, ndipo aneneri a masiku ano akudyerapo chifukwa ana a Kalilombe sanaliyankhe mokwanira.

Chinanso chimandiwawa monga mlembi. Mabuku onse awiri analembedwa m'Chingerezi. Kwa Milingo n'zomveka, pakuti ankadziteteza pamaso pa azungu amene ankamuweruza. Koma buku lonena kuti nzeru za umulungu ziyambire kwa anthu wamba, n'kukhala m'chiyankhulo chimene anthu wambawo sawerenga, lili ngati nkhokwe yodzaza yomangidwa kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Kalilombe ankachidziwa bwino Chichewa, ndipo ntchito ya sinodi ija inayenda m'chiyankhulo chathu. Koma zipatso zokhwima za maganizo ake zinakathera m'malaibulale a ku Zomba ndi ku Ulaya. Katekisiti wa kwa Mkanda amene wakhala akutsogolera mapemphero opanda wansembe kwa zaka makumi awiri ndi amene bukuli likukamba za iye tsamba ndi tsamba, koma kuti alimve ayenera kupeza mphunzitsi wa kusekondale womumasulira, komanso ndalama ya basi yokalifunira ku Lilongwe.