Wokonza bwalo ndiye amaphunzitsa maso

Gule akakoma timayamika wovina ndi woimba ng'oma, koma wokonza bwalo satchulidwa. Ku Chadiza, m'midzi ya mafumu monga a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, Gule Wamkulu satuluka mwachisawawa. Akuluakulu akudambwe ndiwo amadziwa chilombo choyamba ndi chotsiriza, nthawi yoti mbalule ilankhule, ndi malo oima amayi oyankha nyimbo. Njovu situluka pamaliro a munthu wamba. Kusanja kumeneku ndi luso palokha.

Taonani gule wotchedwa Maliya. Amalowa m'bwalo atavala chitenje ndi mpango, akuyenda monyang'wa ngati mkazi, chikhalirecho kudambwe kumalowa amuna. Palibe amadabwa, chifukwa nyimbo, ng'oma ndi mwambo wa tsikulo zauza kale anthu kaonedwe koyenera. Mukamuchotsa pamenepo n'kumuvinitsa mphindi zisanu pamaso pa alendo, popanda amayi oimba, amasanduka choseketsa chabe. Ichi n'chifukwa chake okonza mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ali ndi ntchito yolemera chaka chilichonse mu Ogasiti: magulu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ndi ambiri, nthawi ndi yochepa, ndipo chiyambire 2005, pamene UNESCO inalemekeza guleyu, owonera osadziwa mwambo achuluka.

Ku South Africa nkhani yomweyi imakhudza ovina akuda amene amakondana amuna kapena akazi okhaokha, ndi amene sadzimva kuti ndi a umuna kapena ukazi umene anabadwa nawo. Mu 2018 Mamela Nyamza anaonetsa gule wotchedwa Black Privilege ku National Arts Festival thupi lake litapakidwa utoto wagolide, kufunsa ngati kutamandidwa kwa wovina wakuda kumamupatsadi ufulu. Albert Ibokwe Khoza, yemwe ndi sing'anga, anavina yekha gule amene anakonza ndi Robyn Orlin mu 2016. Jay Pather, pokonza chikondwerero cha Infecting the City, ankatulutsa magule m'nyumba za zisudzo n'kuwaika m'misewu ya Cape Town, kuti oyenda pansi awaone osalipira.

Maliya ndi mzimu wa mwambo, pomwe Nyamza ndi Khoza ndi anthu ovina za moyo wawo. Wowasakaniza walakwira onse. Chofanana ndi udindo wa wokonza. Wokonza waulesi amagulitsa thupi la wovina ngati chodabwitsa, anthu n'kubwera kudzaloza zala. Waluso amasankha malo, amaganiza za gule wotsogola ndi wotsatira, amapereka nthawi yokwanira, ndipo amaonetsetsa kuti wovina abwerera kwawo bwinobwino, chifukwa ku Zambia ndi ku Malawi lamulo limaletsa chikondi cha amuna kapena akazi okhaokha ndipo kuonekera pagulu kuli ndi ngozi zake.

Inu okonza zikondwerero m'masukulu ndi m'maboma, musanaitane gulu lililonse, yambani mwafunsa eni gule kuti afuna bwalo lotani, nthawi yotalika bwanji, ndi oimba angati.