Ng'oma ya a Nyongolotsi a ku Cwmystwyth

Lira mbalule, nawe mpanje vomera, kugunda kwanu kutsike pansi kukawapeze eni nthaka! Ndi inu a Nyongolotsi, a Wopandafupa, a Chilimachopandakhasu, a Kapumirakhungu. Makutu mulibe, koma nthaka ikanjenjemera mumaimva ndi thupi lonse, ndiye imvani ng'oma yanu. A sayansi amakutchani Lumbricus rubellus. Ife tikuti a Chimezamtovu a ku Cwmystwyth, kumapiri a ku Wales, kumene anthu anakumba mtovu mibadwomibadwo, nachoka, nasiya milu ya miyala yotuwa m'mbali mwa mtsinje wa Ystwyth. Udzu pamenepo umamera patalipatali. Inu mwamangapo mudzi, mwabalapo ana.

Gu! Gu! A Kadyadothi, nsima yanu ndi yowawa! Mtovu umalowera kukamwa, umalowanso pakhungu lanu lonyowalo, wosaodira, wosagogoda. Koma inu a Nkhokwem'mimba, a Chitsekakhomo, muli ndi mnofu wachikasu wokuta matumbo, wogwira ntchito yonga ya chiwindi. M'menemo mumaumba mtovu pamodzi ndi kashiamu ndi fosifeti, n'kukhala timibulu touma tosasungunuka wamba, n'kutitsekera ngati njoka mumtsuko. Njokayo siinafe, ili momwemo, koma siluma mwini nyumba. Akabwera kadimiyamu mumamutchera zina: puloteni yodzala ndi salufa, yotchedwa metallothionein, imene imamumata monga ulimbo umatira mpheta. Puloteni imeneyi anthu anayamba kuipeza mu impso za hatchi mu 1957, pamene inu a Kapondedwa munali kuyenda nayo kale pansi pa mapazi awo.

Tembenuka ng'oma, utchule mbale wawo wa m'matope! Ndi a Limnodrilus hoffmeisteri, a Kafiira, a Mutupansi, a ku Foundry Cove pa mtsinje wa Hudson ku New York. Fakitale ya mabatire inathira kadimiyamu m'madzi amenewo kuyambira 1953 mpaka 1979. Ofooka anatha, opirira anabala opirira, mpaka mtundu wonse wa pamalopo unkakhala moyo nthawi yaitali m'madzi amene ankapha msanga abale awo a m'magombe oyera. Matope oipawo atakokololedwa cha m'ma 1994 ndi 1995, pasanathe zaka khumi kupirira kuja kunali kutazilala pakati pa zidzukulu. Chishango chinabwera ndi nkhondo, chinapitanso ndi nkhondo.

Bwerera kwa a Chimezamtovu, mbalule, koma lira mofatsa. A Msenzazaeni, katundu amene mwanyamulayu sindinu munamukumba. Ndikukutamandani ndi mtima wonse, komabe chikundiwawa n'chakuti ena akakuonani muli moyo pa mulu wa mgodi amati nthaka yachira. Siinachire. Mwangoubisa mtovuwo m'thupi mwanu, ndipo wodya inu wadya ndi nkhokwe yomwe.

Ndikamaomba chonchi mtima uli ku Kabwe, ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likadali m'mabwalo momwe ana amakwawa ndi kusewera. Mwana wa munthu alibe mnofu wachikasu uja, a Nyongolotsi. Mtovu ukamulowa umayenda m'magazi, umakwera ku ubongo umene ukukula kumene, n'kukakhazikika m'mafupa, poti thupi limauyesa kashiamu. Inu a Wopandafupa muli ndi pouika. Iye amausunga m'mafupa omwewo amene akuphunzira kuimirira nawo.

Tsitsa mawu mpanje, tsitsa. Mvula yagwa usiku wonse ku Cwmystwyth, mauna adzaza madzi, a Kapumirakhungu atulukira pamwamba, ofiira, onenepa, olemedwa. Pa mwala wotuwa patera mbalame, yapendeketsa mutu, ndipo kuchisa kuli ana atatu oyasamula.