Buku la Mai Vera Chirwa ndi Malire Athu

Ife a ku Mchinji malire tinawazolowera. Timaoloka kunka ku Chipata kukaona abale, kukagula zinthu ndi kukalira maliro, osaganiza kuti mzere womwewo ungathe kusandutsa mfulu kukhala wandende. Koma m'buku la Mai Vera Chirwa lochedwa Fearless Fighter, limene linasindikizidwa ku London m'caka ca 2007, malire amenewa ndiwo cimake ca nkhani. M'bukumo maiwa asimba okha za moyo wao.

Mai Chirwa anabadwa m'caka ca 1932. Iwo ndi amuna ao, Bambo Orton Chirwa, anali ena mwa anthu oyambitsa cipani ca Malawi Congress Party mu 1959, ndipo pamodzi ndi Mai Rose Chibambo anamema akazi kuti akane citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Nduna zitasemphana maganizo ndi Dr Banda mu 1964, banjali linathawira ku Tanzania. Maiwa anaphunzira malamulo ku London, nakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino.

Pa 24 December 1981, iwo, amuna ao ndi mwana wao mmodzi anagwidwa. Boma linanena kuti anagwidwa kuno ku Mchinji; eni ace akuti anacita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Kusiyana kumeneku si kwacabe ai, pakuti apolisi a dziko lina alibe mphamvu yomanga munthu tsidya lina la malire. Mu 1983 bwalo la miyambo, limene silinkalola maloya kuimira anthu, linawaweruza kuti aphedwe. Caka cotsatira cilangoco cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Bambo Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992, ndipo mai anamasulidwa mu January 1993.

Ubwino wa bukuli ndi wakuti lili umboni wa munthu amene anaona yekha. Litionetsa kuti mkazi wa ndale si wongobvina ndi kululutira pa misonkhano, koma angathe kutsogolera ndi kupirira mabvuto ofanana ndi a mwamuna. Litionetsanso kuti maiwa atatuluka sanafune kulipsira. Anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziwa ufulu wao.

Komabe ndipezamo zoperewera ziwiri. Coyamba, ndi liu la munthu mmodzi. Nyakwawa yanzeru sigamula mlandu itamva mbali imodzi, cotero wowerenga afunsenso akuluakulu amene analipo masiku amenewo. Ndiponso mutu umodzi susenza denga: amai ambiri a m'midzi anaphikira misonkhano nayenda mitunda yaitali kumema anzao, koma buku la moyo wa munthu mmodzi silingathe kusunga maina ao onse. Caciwiri, bukuli lili m'Cingerezi, ndipo amai ambiri a kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni sangaliwerenge okha.

Inu amene mwayamba kumene kugwira colembera, nchito yotsalayo ndi yanu. Khalani pansi ndi agogo anu, afunseni za amai amene anatsogolera mudzi wanu, ndipo mulembe zimene adzakuuzani m'cinenero cathu. Mbiri yosalembedwa imatsagana ndi mwini wace kumanda.