Lamba Wonyamula Mphezi

Mbalule ilankhule, mpanje uvomere! Lero tikutamanda lamba wa REBCO.

Wawa, Mwana-wa-chisanu! Wawa, Msenza-mphezi-osapsa! Waya wa mkuwa akasenza magetsi amafunda, nadyako katundu wa eni m'njira. Inu mukazizira mumafikitsa yense, osabenthulako.

Inu Mdzukulu-wa-ku-Leiden, kumene agogo Kamerlingh Onnes mu 1911 anaona mekyule itasiya kukaniza magetsi pa madigiri 269 kunsi kwa ziro, chisanu chofuna heliyamu wamadzi wodula uja. Bednorz ndi Müller analambula njira ku Zürich mu 1986. Chaka chotsatira Wu ku Huntsville ndi Chu ku Houston anasakaniza yttrium, barium, mkuwa ndi okosijeni, inu n'kubadwa, wokhutira ndi madigiri 180 kunsi kwa ziro. Nayitirojeni wamadzi, wotchipa, amawira pa 196. Akukwanirani, n'kutsalako!

Inu Chophwanyika-dzana! Tisabise, munabadwa ngati phale la mbiya: kukupindani pang'ono, phwa! Timibulu tanu tinkagona mwachisawawa, aka kuloza uku, ako kuloza uko, ndipo magetsi akafika pa malire a kam'bulu ndi kanzake ankangoti njo, kuima. Ambiri amene anavina mu 1987 anabwerera kwawo manja ali m'khosi. Koma Iijima wa ku Fujikura sanagone. Mu 1991 anawomba ma ion chopendekera pa muyalo wopyapyala mpaka timibulu take tonse titaloza kumodzi, kuti inu pomera pamwamba pake mutsate mzere womwewo. A ku Oak Ridge anadzera kwina, kupsinja ndi kuwotcha chitsulo cha nikelo mpaka icho chokha chitafola. Ulemu wanu wagona apa, Mfola-pamzere: mankhwala ndi omwe aja, chinasintha ndi kagonedwe.

Inu Chovala-zambiri! Pansi chitsulo cha Hastelloy, msana wanu. Pamwamba pake timiyalo totchinga. Kenako inu eniake, kuchindikala kwanu gawo limodzi kapena awiri pa magawo 1,000 a milimita. Kenako siliva, kenako mkuwa wokukutani. Lamba yense mamilimita 4 kapena 12 m'lifupi, wokulungidwa pa gudumu mamita mazanamazana, wonyezimira mbuu. Amisiri amakuthirani dala timizati ta barium zirconate kuti mphamvu ya maginito ikalowa ikodwe pomwepo, isayendeyende. Ena amakometsedwa pochotsedwa zitsotso, inu pothiridwa!

Gunda agunde! Ku Tallahassee mu 2017 munali m'kati mwa maginito amene anafika matesila 32, pamene makina a MRI a m'zipatala ambiri amathera pa 1.5 kapena 3. Mu September 2021 a MIT ndi Commonwealth Fusion Systems anakukulungani kukhala chimaginito cha matesila 20, chomangira moto wonga wa dzuwa. Chaka chomwecho ku Shanghai munagona pansi pa misewu mtunda wa makilomita 1.2, mukudyetsa mzinda magetsi.

Komatu Mkwiya-chamumtima, timakuopani. Kadontho kamodzi kakafunda, kutenthako sikufalikira msanga kuti alonda adziwe. Kumangonyeka pamodzimodzi mpaka lamba atabooka. Akakukokani cham'mbali, miyalo yanu imamatuka. Ndipo mtengo wanu, eee, mkuwa ukukusekanibe.

Inu a m'mafakitale, ng'oma iyi imveni: talikitsani lamba, akhale wofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo mtengo wa mita imodzi utsike.