Tsinde la Liwu si Tanthauzo Lake

Pali chizolowezi chimene chafala m'maulaliki athu kuno ku Karonga: wansembe afukula tsinde la dzina la Mulungu, nalalika tsindelo. Tamva ena akuphunzitsa kuti popeza dzina loti Chiuta lichokera ku uta, makolo athu ankapembedza utawaleza. Kutero ndiko kuwasandutsa opembedza zolengedwa popanda umboni wokwanira.

Titenge chitsanzo chakutali. M'chinenero cha ku Finland, liwu loti "taivas" litanthauza kumwamba. Chinenerochi sichili m'banja la Indo-European, koma liwulo anachita kubwereka kwa anansi a m'banjalo. Tsinde lake ndi "deiwos", ndiye kuti mulungu, limene linabalanso "deus" wa Chilatini ndi "deva" wa Sanskrit. Komabe m'Chipangano Chatsopano chimene Mikael Agricola anamasulira, chotuluka mu 1548, Mulungu ndi Jumala, pamene "taivas" ndi kumwamba basi.

Tsono tsinde limatisonyeza njira imene liwu ladzera, osati chimene wopemphera atanthauza. Tikafuna kudziwa Kyala wa Angonde kapena Chiuta wa Atumbuka, tisayambire m'mabuku. Tiyambe tamvera mayi amene akumuitana pamaliro a mwana wake.