Mpira wa ku Srinagar: Maganizo Athu pa Buku la Bwana Mangan

Awerengi athu ambiri ndi aphunzitsi, ndipo tiyesa kuti palibe mmodzi wa iwo amene sanaimepo pabwalo la sukulu dzuwa litapendeka, wezulo ali kukamwa, anyamata ali kuthamangitsana ndi mpira m'fumbi. Ntchito imeneyi tinaizolowera kotero kuti sitifunsanso kumene inachokera, monga munthu wopita kudambo safunsa amene anayamba kuponda njirayo. Koma alipo anthu ophunzira m'masukulu aakulu a kutsidya kwa nyanja amene anapereka zaka zao pa funso lomweli, nafufuza m'makalata akale kuti adziwe chifukwa chake masewera a Angerezi anafika pa dziko lonse lapansi. Mmodzi wa iwo ndiye Bwana J. A. Mangan, amene buku lake lotchedwa The Games Ethic and Imperialism linatuluka m'chaka cha 1986. Dzinalo linena za mwambo wa masewera ndi ufumu wolamulira maiko a eni. Taliwerenga mosamala, ndipo tifuna kunena chokoma chimene tapezamo ndi chimene tachisowa. Pakuti ngakhale nkhani zake zambiri ziri za maiko akutali monga India ndi Sudan, mlandu uli m'menemo ukhudza ife amene tiphunzitsa m'sukulu za mishoni.

Bwana Mangan anayamba walemba buku lina m'chaka cha 1981, m'mene anasanthula masukulu asanu ndi imodzi a ana a anthu olemera ku Britain, ndiwo Harrow, Marlborough, Uppingham, Lancing, Stonyhurst ndi Loretto. Iye anaonetsa kuti chisanafike chaka cha 1850 anyamata a m'masukulu otere, akaweruka, anali kungoyendayenda m'minda ya eni, kusaka tinyama mwakuba, kugenda ndi kumenyana. Ku Marlborough anaukira aphunzitsi ao m'chaka cha 1851. Ndipo Cotton, amene anadza kudzakhala mkulu wa sukuluyo chaka chotsatira, anaona kuti bwalo la masewera lingagwire ana amene ndodo inalephera kuwagwira. Tsono chimene chinayamba ngati chingwe chomangira ana osamvera chinakula pang'onopang'ono kufikira chinafanana ndi chipembedzo: masewera anakhala okakamiza, ndipo wodziwa kumenya mpira analandira ulemu woposa wa iye wodziwa buku. Mau amenewa atitonthoza mtima pang'ono, pakuti tiona kuti mwana wa Mngerezi sanabadwe ndi mpira kuphazi ai. Nayenso anachita kutengeredwa kubwalo ndi mphunzitsi wotopa.

Buku lachiwirili litsata anyamata aja atakula. Ena anakhala asilikali, ena mabwana a boma, ena amishoni, ndipo onse ananyamula chikhulupiriro chimodzi, chakuti mnyamata amene anaphunzira kumvera mtsogoleri wa gulu lake, kupirira zowawa ndi kugonja wosadandaula, ndiye woyenera kuweruza anthu. Ku Sudan boma linali kusankha mabwana ake makamaka ku Oxford ndi ku Cambridge, ndipo ambiri a iwo anali amene anatchuka ndi kupalasa ngalawa kapena kusewera mpira. Masewera omwewo anapatsidwanso kwa ana a anthu olamulidwa, koma cholinga chitatembenuka: kwa wolamula mpira unali sukulu ya utsogoleri, kwa wolamulidwa unali sukulu ya kumvera.

Nkhani imene yatikhala mumtima koposa ndiyo ya Cecil Tyndale-Biscoe, mmishoni wa Church Missionary Society, amene anafika ku Srinagar m'dziko la Kashmir kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890. Ana a sukulu yake ambiri anali Abrahmini, ndiwo a fuko lapamwamba la Ahindu, amene kwa iwo chikopa cha nyama yakufa ndi chinthu chodetsa munthu. Monga iye mwini anasimba, tsiku lina anadza ndi mpira wachikopa, nauza anyamata kuti ausewere. Iwo anakana. Pamenepo anaika aphunzitsi ozungulira bwalo, yense ndi ndodo m'dzanja, natulutsa wotchi yake, nawapatsa mphindi zowerengeka. Nthawi itatha ndodo zinayamba ntchito, ndipo anyamata, atavala mikanjo yao yaitali ndi nsapato zamitengo, anayamba kukankha mpirawo, nsapato ziri kuuluka. Posakhalitsa mpira unagunda mmodzi kumaso. Masewera anaima, ndipo anzake anapita naye kumadzi kukamsambitsa kuti chidetsocho chichoke.

Wowerenga angaseke pamenepa, ndipo wosimbayo anafuna kuti tiseke. Koma Bwana Mangan achita bwino posatilola kuseka kokha. Sabisa kudzikuza kwa munthu amene anayesa mwambo wa eni dziko chinthu chothyola ndi ndodo. Sabisanso kulimba mtima kwake ndi chifundo chake, pakuti mmishoni yemweyo anaphunzitsa anyamata ake kusambira ndi kupalasa kuti apulumutse omira, nawatuma kukathandiza pa nthawi ya moto, ya madzi osefukira ndi ya matenda. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka bukuli katimeta ifenso. Ndani wa ife sanatumepo ana ndi makasu kukagumula chulu kuti bwalo lisalale, nalanga amene anathawira kuseri kwa tchalitchi kukakwapula nguli? Tinali kunena kuti tiri kuumba khalidwe, ndipo mau amenewo tinawalandira kwa amene anatiphunzitsa, osadziwa kuti anachokera ku Marlborough.

Tsono tifike pa chimene tachisowa. Mboni za Bwana Mangan pafupifupi zonse ziri za mbali imodzi: maulaliki a akulu a sukulu, makalata ao, timabuku ta masukulu, ndi mbiri zimene amishoni analemba za iwo eni. Tidziwa chimene Tyndale-Biscoe anaganiza pa mphindi iri yonse ya tsiku lija. Koma mnyamata wogundidwa kumaso timuona ali kulira basi. Anakauza chiyani amake madzulo? Ndipo atakula, adzukulu ake ali kusewera mpira mwa kufuna kwao, anali kuganiza zotani? Kunena zoona, mlembiyo sanalonjeze kuyankha zimenezi, pakuti ntchito imene anadzipatsa inali kutsata wofesa. Koma wowerenga wosachenjera atseka bukuli ali kuyesa kuti chimene mphunzitsi anafesa ndicho chimene chinamera, ndipo mphunzitsi ali yense adziwa kuti sizitero. Timalowa m'kalasi ndi phunziro limodzi, ana makumi asanu natuluka ndi maphunziro makumi asanu.

Chifukwa chake tilangiza kuti wowerenga Mangan aike pambali pake buku la C. L. R. James lotchedwa Beyond a Boundary, limene linatuluka m'chaka cha 1963. James anabadwa m'chaka cha 1901 pa chisumbu cha Trinidad, mwana wa mphunzitsi, munthu wakuda, mdzukulu wa iwo amene anatengedwa ukapolo. Anaphunzira pa Queen's Royal College, kumene aphunzitsi ochokera ku Oxford ndi ku Cambridge anamphunzitsa kiriketi, ndiwo masewera amene wina aponya kampira kolimba ndi wina akamenya ndi thabwa. Iyeyu ndiye mwana wa m'bwalo la Mangan atapatsidwa cholembera. Ndipo chodabwitsa nchakuti sakana mwambowo ai. Avomera kuti anaulandira ndi mtima wonse: kusanyenga, kusatsutsa woweruza masewera, kusanyoza wogonja. Koma atatuluka m'sukulu anapeza kuti eni mwambowo sausunga. Magulu a kiriketi a m'Port of Spain anali ogawika monga mwa khungu ndi chuma: Queen's Park ya Azungu olemera, Shamrock ya mabanja akale Achikatolika, Maple ya anthu ofiirira a pakati, Shannon ya akuda ophunzira pang'ono monga aphunzitsi ndi akalaliki, ndi Stingo ya amphawi. James, amene anali wakuda bii, anasankha Maple, nasiya Shannon kumene kunali kusewera Learie Constantine. Ndipo aulula poyera kuti kusankha kumeneko kunamlekanitsa ndi anthu ake zaka zambiri. Sitinaone m'buku la Mangan tsamba lolasa mtima ngati limenelo, pakuti mau otere angalembe yekhayo amene anaima pabwalopo ndi khungu lake.

Zotsatira zake nzodziwika. Kwa zaka zambiri gulu la West Indies linali kutsogozedwa ndi Mzungu kapena munthu woyera khungu, chinkana odziwa koposa anali akuda; George Headley anatsogolera kamodzi kokha m'chaka cha 1948. James atabwerera kwao m'chaka cha 1958 anakhala mkonzi wa nyuzipepala yotchedwa The Nation, nalemba kosalekeza kuti Frank Worrell apatsidwe utsogoleri. Chida chake chinali lamulo lomwe lija analiphunzira kwa Angerezi, lakuti pabwalo munthu ayesedwa ndi ntchito yake. Worrell anasankhidwa, natsogolera gululo ku Australia m'chaka cha 1960 kufikira 1961. Ndipo m'chaka cha 1962 Trinidad ndi Jamaica analandira ufulu wodzilamulira. Taonani tsono, sukulu ya kumvera ija inatulutsa anthu amene anaitana aphunzitsi ao kubwalo la milandu, nawaweruza ndi lamulo lao lomwe.

M'Afirika muno zinachitikanso zotere, monga Peter Alegi anaonetsa m'buku lake Laduma! la chaka cha 2004, lonena za mpira ku South Africa. Pa Adams College, sukulu ya amishoni a ku Amereka m'dziko la Natal, panali gulu lotchuka la Shooting Stars. Ndipo Albert Luthuli, amene anaphunzitsa pamenepo, anali mmodzi wa atsogoleri a mabungwe a mpira a anthu akuda asanakhale mtsogoleri wa African National Congress m'chaka cha 1952. M'mabungwe amenewo anthu osaloledwa kuvota anali kusankha atsogoleri, kusunga ndalama ndi kulemba malamulo ao.

Pali chinanso chimene tidandaula nacho, ndipo ichi sichigwera Bwana Mangan yekha. Ophunzira ambiri a mbiri ya masewera ayamba kuwerenga masiku pa tsiku limene mpira wachikopa unatsika m'sitima, ngati kuti bwalo la m'mudzi linali duu kufikira pamenepo. Allen Guttmann, m'buku lake la chaka cha 1978, anaika zizindikiro zisanu ndi ziwiri za masewera amakono, monga malamulo olembedwa, mabungwe oyang'anira, kuwerenga ndi manambala, ndi kusunga mbiri ya wopambana onse. Muyeso umenewo uli ndi ntchito yake. Koma ukagwa m'manja mwa wosasamala usanduka chosefera chimene chitaya zathu zonse ngati gaga. Liu lakuti mpira silinadze ndi Azungu: makolo athu anali kutcha motero utomoni wa mitengo yoyanga ya m'nkhalango, ndi chobulungira chimene anali kuumba nao kuti aponyerane. Bawo, ndi maenje ake 32 ndi nkhomo zake 64, ali ndi malamulo olimba amene sanalembedwe papepala, koma yesani kutakata molakwa pamaso pa akulu muone ngati mulibe woweruza.

Amene anayandikira choonadi pa mbali imeneyi ndiye Terence Ranger, m'buku lake la chaka cha 1975 lonena za gule wa beni. Iye anatsata guleyo kuyambira m'midzi ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamchere m'zaka za m'ma 1890, kumene magulu opikisana, monga Marini ndi Arinoti, anali kuvala ngati asilikali ndi kupatsana maudindo, kufikira pamene asilikali ndi amtengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anamfalitsa kumtunda kuno, kumene tiri ndi beni, malipenga ndi mganda. Ranger anaona kuti yunifolomu inali ya Mzungu koma mpikisanowo unali wa eni dziko. Ndipo tivomere ndi manyazi kuti amishoni ambiri, amene anali kuyamika mpira chifukwa uphunzitsa dongosolo ndi umodzi, anatsutsa beni, m'mene anyamata anali kudziphunzitsa okha zomwezo popanda ndodo ya munthu.

Za atsikana bukuli liri pafupifupi chete, pakuti mwambo umene liufotokoza unali wa kuumba amuna. Ifenso pa sukulu ina imene tinaphunzitsapo tinali kutuma atsikana kukatunga madzi ndi kuzira m'kalasi pa ola limene anyamata anali pabwalo, ndipo palibe wa ife aphunzitsi amene anachiyesa cholakwa. Koma gulu la dziko la Malawi la mpira wamanja wa akazi linakhala lachisanu pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Auckland m'chaka cha 2007. Wofuna kulemba m'mene zimenezi zinayambira adzayenera kufunsa amayi okalamba amene anaponya mpira woyamba m'mphete ya waya yomangirira pa nsungwi, ndi kutsegula mabuku a zochitika za pasukulu amene akulu a sukulu anali kulemba tsiku ndi tsiku. Ambiri a mabuku amenewo ali m'makabati a mishoni zathu. Lathu tinalitsegula mwezi wathawu titamaliza kuwerenga Mangan, ndipo tinapeza kuti chiswe chadya masamba a zaka zoyamba.