Mtchona tamuseka mokwanira, nanga tinamufunsa?

M'mabuku ndi m'nyimbo zathu mtchona ndi mlendo wakalekale. Mu Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara la 1933, mnyamata amachoka pamudzi kukasaka ntchito kutali, koma ulendowo wangokhala mlatho wopita ku kutembenuka mtima. Nyimbo ija ya Nashil Pichen Kazembe, A Phiri Anabwera, timaivina uku tikuseka bambo wobwera ndi sutikesi yopanda kanthu. Nzokoma, sindikukana ayi. Koma taonani abale, monsemu mtchona ndi phunziro la ena. Mwini wake sayankhula.

Chonsecho nkhani yake si yamasewera. Pofika 1973 a Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku Joni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha anzathu oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi. Njira inatsekukanso mu 1977, kenaka Theba inatha mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a Edzi. Kodi ndi buku liti la Chichewa limene munawerenga lokamba za mkazi amene analandira uthenga wa ndege ija?

Amene anakhala pansi kufunsa anthuwa ndi akatswiri a mbiri yakale. Wiseman Chijere Chirwa analemba za umphawi wa obwerera ku Theba. Zoë Groves anatulutsa Malawian Migration to Zimbabwe, 1900–1965 m'chaka cha 2020, kulondola matchona a ku Halale. Ntchito yotamandika, koma ili m'Chingerezi cha ku yunivesite. Mawu a agogo akawoloka kupita m'chiyankhulo china amafika atasamba, Chifanakalo chija chitatsalira m'njira, nthabwala zitafota.

Tsono pitani kwa Chinsapo madzulo. M'makonde a nyumba zina muli madala amene analowa pansi pa nthaka, ndipo mdzukulu ali pomwepo ndi foni yojambula mawu, mwina akusakanso ndalama ya basi ya ku Joni. Amene akufuna kulemba ayambire pamenepo. Koma funso lakuti "Agogo, ku Joni kunali bwanji?" lingokupatsani nthano ya njinga, wailesi ndi jekete, imene anaifotokoza kale kambirimbiri pa mowa. Afunseni anakwerera kuti, ankagona angati m'chipinda cha pakomponi, kalata ankawalembera ndani, ndalama yosungidwa ija anakailandirira kuti ndipo inatha bwanji. Akakhala chete, musazime foni msanga.

Mukatero mutembenukire kwa agogo aakazi, paokha, madala atapita kokayenda. Iwowa ndiwo analima okha miyezi yonse ya kontirakiti, nalera ana, napirira miseche ya kuchimuna. Ena a iwo amadziwa ndi dzina lomwe la mkazi wina uja wa kunjako, ndi ana ake amene sanaonepo Nyanja ya Malawi.